Njerwa za pa zenera la amayi

Kujambula zipinda pa kompyuta ndinaphunzira ndekha, kuseri kwa shopu yosindikiza mapepala pa boma pa Chadiza, komwe ndinkagwira ntchito. Umamanga makoma, kuikamo mipando, kenako makinawo amakutulutsira chithunzi chooneka ngati chenicheni. Zanga zoyamba zinali zomvetsa chisoni: mdima wokhawokha, mipando yoyandama ngati ilibe miyendo. Pang'onopang'ono ndinazindikira kuti nkhani yagona pa kuwala. Dzuwa lilowere mbali imodzi, ligunde pansi, libwerere ku khoma, ndiye mithunzi imafewa. Kamera uiike pakona, uitsitse ifike m'chifuwa mwa munthu, katundu wosafunika umuchotse. Nditadziwa zimenezi ndinayamba kudzimva, sindinama.

Chipinda chomwe ndinkachidziwa pamtima chinali pabalaza pa amayi ku Zemba, ndiye ndinkaphunzirira pomwepo. Nyumbayo ndi ya malata, koma mazenera ake anali otseka ndi njerwa zosanja, monga amachitira ambiri kwathu podikira mafelemu. Ngakhale masana, mkatimo umayenda mofufuza ndi phazi. Pa kompyuta njerwazo ndinazichotsa ndi chala chimodzi. Ndinachotsanso matumba a mtedza ndi njinga, n'kusiya tebulo, kabati ndi mpando wa malemu bambo. Dzuwa ndinaliika komwe ndinkafuna ine, ndipo linagwera pa tebulo mokongola mpaka ndinaimba mluzu ndekha.

Nditapita kumudzi kukawauza kuti bwenzi langa, mwana wa aphunzitsi a pa boma, abwera kudzawaona, ndinawaonetsa chithunzicho pa foni. Ndinkangofuna andiyamikire, basi. Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali atachitalikitsa ndi maso.

"Kabatiyu ndi wanga," anatero. "Nanga mtedza uli kuti?"

"Ndachotsa, amayi. Umadzaza malo."

"Mtsikanayo anachiona?"

"Eee, anachikonda kwambiri."

Anandibwezera foni n'kuyamba kukamba za mbuzi yomwe inkawavuta. Ine ndinabwerera ku boma mtima uli mbee.

Tinafika ndi bwenzi langa mu Julaye, mphepo yozizira ikuomba fumbi m'minda yokolola. Tikadali patali ndinaona kuti nyumba yathu yasintha. M'malo mwa mazenera munali mabowo akuluakulu, njerwa zitaunjikidwa bwinobwino pakhonde. Mlongo wanga, yemwe amakhala ndi amayi, anandikokera pambali. Anati amayi anachotsa njerwazo okha masiku angapo m'mbuyomo, ataimirira pa mtondo, osalola munthu kuwaletsa. Usiku ankapachikapo masaka, koma mphepo inkangodutsa. Mtedza anausamutsira ku khitchini ya panja, komwe makoswe anali atayamba kale kudzitengera.

"Akuti apongozi awo asadzapeze zosiyana ndi zomwe munawaonetsa," anatero mlongo wanga, osandiyang'ana.

Tinalowa. Tebulo linali pomwe ndinaliika pa chithunzi, mpando wa bambo pakona yomweyo, njinga kulibe. Amayi anali ataloweza zonse pa kuyang'ana kumodzi kuja. Koma kuwala kwenikweni sikusankha. Kunaonetsa ming'alu ya pansi, mwaye wa koloboyi ku khoma, ndi fumbi lomwe linkalowa n'kutera pa mbale zomwe anatsuka m'mawa. Kunaonetsanso amayi, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, maso ali ofiira, akubisa chifuwa m'dzanja.

Bwenzi langa anagwada n'kupereka moni mwaulemu, kenako anadzifunditsa mwakachetechete chifukwa kunkazizira ngati tili panja. Ine manyazi anandigwira mpaka m'makutu. Ndinasowa poyang'ana, poti paliponse pankaoneka. Ndinkachita manyazi ndi nyumbayo, komanso ndinkachita manyazi kuti ndikuchita nayo manyazi amayi ali pomwepo, akutsokomola chifukwa cha chithunzi changa.

Mlendoyo atatuluka kukathandiza mlongo wanga kutunga madzi, ndinaganiza kuti tsopano amayi andikalipira, ndipo ndinkafuna atatero. M'malo mwake anasendera pafupi, anapukuta tebulo ndi nsonga ya chitenje, n'kutsitsa mawu.

"Ndayesetsa, bambo," anatero. "Dzuwa lokha ndi lomwe landikanika. Ndalidikira m'mawa uliwonse, koma silikufika pa tebulo ngati muja. Umuuze mnzakoyo asakhumudwe."