Mayi wa "Ndigwirireniko Kaye"

Aneba athu ndi mayi woyang'anira khola la khonsolo losungiramo agalu osowa mwini. Mukawaona akubwera ndi chingwe, bisani manja. Mawu awo ndi amodzi: "Ndigwirireniko kaye, ndikubwera." Agalu ambiri mumsewu mwathu anapeza mbuye choncho.

Khola litadzaza sabata yatha, mabwana anati galu wokalamba wa diso limodzi aphedwe. Mayiwo anangomukokera kwa telala, bambo wodana ndi agalu.

"Mayi, ine zaubweyazi ayi!" anakuwa telala.

"Ndigwirireniko kaye, achimwene."

Anabwerako dzuwa litapendeka, nkhope ili gwa. "Bweretsani galuyo, akamubaye jakisoni womupha."

Telala sanadzutse n'komwe mutu pa makina. "Tsitsani mawu, mayi. Simukuona kuti mnzanga wagona pa phazi langa?"