Nthungululu za Make Ratibu

Mu msasa wathu wa othawa kwawo wa Jerash, umene aliyense amangoutcha msasa wa Gaza chifukwa makolo athu anachokera kumeneko, ukwati sunali ukwati ngati Subhiya, Make Ratibu, sanaimbepo nthungululu. Ankaima pakhomo, dzanja limodzi pamwamba pa mlomo, n'kuyamba ndi mawu otamanda mwini chikondwerero, kenaka n'kumasula pakhosi mpaka nkhunda za padenga kubalalika.

Ine sanandiimbirepo. Mwana wanga Nuha atakhoza mayeso otsiriza a ku sekondale, kuposa atsikana onse a mu msewu wathu, Make Ratibu anatumiza mawu oti wadwala chimfine. Madzulo a tsiku lomwelo ndinamumva ndi makutu angawa akululuta kwa Hamdani wa golosale, amene mwana wake anangokhoza mokwawa. Akuti Hamdani anamupatsa nkhuku. Nuha tsopano ali ndi ana akeake, koma chimfine chimenecho ine sindinachiiwale.

Subhiya anabwera kuno ali kamtsikana, m'chaka chimene tonse tinathawa ku Gaza, atakhala pamwamba pa matiresi kumbuyo kwa lole. Anakwatiwa ndi mmisiri wopaka nyumba amene fumbi la simenti linamudya mapapo, ndipo anatsala ndi ana awiri. Anawalera ndi singano, kupeta maluwa ofiira pa madiresi a akwati. Ratibu anakula n'kukhala woyendetsa basi. Maysun anakwatiwa ndi msuweni wake wa ku Deir al-Balah, mkati mwa Gaza mwenimweni, ndipo tsiku limene ankanyamuka mayi ake analuluta mpaka mawu kusasa.

Nkhondo itabuka ku Gaza, akuluakulu anagwirizana ku mzikiti kuti mu msasa muno musamveke ng'oma, nyimbo kapena nthungululu kufikira abale athu atapuma. Wofuna kukwatira akwatire mwakachetechete, alendo amwe khofi n'kumapita. Onse anavomera, ndipo kuvomera kwachanguko n'kumene kunandikayikitsa. Ndaphunzitsa mbiri yakale moyo wanga wonse, ndimawadziwa anthu. Amuna amene sanaperekepo ngakhale bulangete anayamba kuyenda atakulunga mipango ya kwathu ya mawanga akuda ndi oyera m'khosi, kudzijambula pa foni nkhope zitakwinyika. Hamdani anachotsa pa mashelefu zakumwa za kunja zimene anthu ankanyanyala, koma kuseri kwa matumba a mpunga kunali chinachake chofundikidwa ndi chiguduli, ndipo sankalola munthu kupitako.

Ine mbali yanga inali kumvetsera. Ndili ndi mawailesi atatu, ndipo palibe imene ndimaikhulupirira, pakuti wailesi iliyonse ili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ali ndi mimba. Nkhani ndinkaivomera pokhapokha adani awiri ainena mofanana. Pakhoma ndinakhomapo mapu akale a kusukulu. N'chifukwa chake Make Ratibu anayamba kumagogoda pakhomo panga m'mawa uliwonse, iye amene kwa zaka zambiri ankangondipatsa moni wa pamphuno.

"Aphunzitsi, akuti aphulitsa ku Deir al-Balah. Mbali iti?"

"Akuti ndani?"

"Zili pa foni."

"Foni yanuyo sabata yatha inapha shehe wa ku Rafah, mawa lake tinamuona akudya. Khalani pansi."

"Sindinabwere kudzakhala. Mutu wanuwo munaudzaza mabuku kuti uzitithandiza, osati kungosungiramo chakukhosi. Mbali iti?"

Ndinkamulozera pa mapu: apa nyanja, apa msika, apa nyumba ya apongozi a Maysun. Iye ankayeza mtunda ndi chala chake chobooka ndi singano, ngati akuyeza nsalu. Kenaka ankandionetsa foni. Mauthenga ake onse kwa Maysun anali ndi kachizindikiro kamodzi, kusonyeza kuti achoka kuno koma sanafike uko.

"Magetsi kulibe kumeneko, Make Ratibu. Foni yozima si maliro."

"Ndikudziwa. Ndimangofuna ndimve wina akunena."

Nthawi zina kachizindikiro kachiwiri kankatulukira, n'kubwera mawu ochepa a Maysun: tili moyo, tasamukira ku sukulu, Lina akutsokomola. Lina ndi mwana wake wamng'ono. Tsiku lotero Make Ratibu ankabwera ndi buledi wotentha wothira mafuta a azitona, n'kumuika pa tebulo langa. Ndinkadya, koma ndinkadzifunsa kuti kodi akugula chiyani.

Kenaka foni inakhala chete nthawi yaitali kuposa kale lonse. M'masiku omwewo kunamveka kuti mwana wa Hamdani, yemwe uja wokhoza mokwawa, akukwatira Lachisanu. Ndinaona pa zenera mkazi wa Hamdani akulowa kwa Make Ratibu atanyamula mbale yovundikira. Mawa lake analowanso. Ndinati basi, nkhuku ija yabweranso.

"Ndaona mbale zikuyenda," ndinamuuza atabwera m'mawa.

"Maso anuwo akanakhala pa mapu bwenzi tikudziwa zambiri."

"Pangano la ku mzikiti mukulikumbuka?"

"Aphunzitsi, mwana wanga sindikudziwa ngati wadya kapena wadyedwa, inu mukundifunsa za ukwati wa eni? Pakhosi pano ndinamangapo mfundo. Mayiyo akungondibweretsera msuzi chifukwa sindikuphika."

"Chimfine chija munanenanso motsimikiza chomwechi."

Anandiyankha kuti, "Mulungu akupatseni moyo wautali, kuti mudzapeze china choti muzikumbuka."

Sindinamukhulupirire. Lachisanu, titachoka ku mapemphero a masana, ndinakhala pafupi ndi zenera, mawailesi onse nditazimitsa, kudikira. Kwa Hamdani anali atayala mipando ya pulasitiki panja, alendo akulankhula motsitsa ngati ali ku chipatala. Dzuwa litapendeka ndinamva chimene ndinkadikira. Nthungululu, zazitali, zakuthwa, zimene mu msasa monse muno zimatuluka pakhosi pamodzi pokha.

Ndinatenga ndodo yanga. Mawu oti ndikanene ndinali nditawakonza kale, ndipo ena anali a m'mabuku. Koma nditafika kwa Hamdani ndinapeza alendo onse ataimirira, mkwati ali pakati pawo ndi suti yake yobwereka, onse akuyang'ana kutsidya kwa msewu. Make Ratibu sanali pa ukwatiwo. Anali pakhomo pa nyumba yake, wopanda nsapato, dzanja pamwamba pa mlomo. Ratibu anakhala pansi pambali pake, foni ili m'manja, mutu uli pakati pa mawondo.

Kwathu munthu wophedwa pa nkhondo saperekezedwa ndi kulira kokha. Mayi ake amamuimbira nthungululu ngati mkwati, poti akuti akupita ku nyumba yabwino. Mwambo umenewu ine ndimadana nawo, ndipo ndakhala ndikunena poyera. Umapatsa otipha mpata wonena kuti sitimva kuwawa, ndipo ojambula amaukonda ngati ntchentche pa chilonda. Koma tsiku limenelo panalibe wondifunsa maganizo.

"Iwe Maysun, mwana wanga wa manja ofewa," anatero Make Ratibu ndi mawu aja a pa maukwati. "Ndinakuperekeza kamodzi ndi diresi lofiira. Lero ndikuperekezanso, diresi sindinakusokere." Anamasula pakhosi kachiwiri, koma pakati pake mawu anathyoka, n'kutsala kamphepo kokha. Mkazi wa Hamdani anathamanga kukamugwira asanagwe.

Mlendo wina wa pa ukwati, bambo wamkulu ndithu, wa mpango m'khosi, anakweza foni kuti ajambule. Ndodo yanga inafika pa dzanja lake mawu anga asanafike.

"Akulu, bwanji? Dziko lione zimene akutichita!"

"Dziko laona zokwanira. Tsitsani chimenecho, apo ayi mukachitola mu ngalande."

Ndinawerama pafupi ndi Ratibu. "Wanena ndani? Usandiuze za pa foni za anthu osadziwika."

"Ndi alamu, aphunzitsi. Mwamuna wa Maysun."

"Ndimve."

Anandiikira foni pa khutu, unali uthenga wa mawu. Ndinamvetsera kawiri, kufunafuna pokayikira. Mnyamatayo anakhalapo mu msasa muno, ndinamuphunzitsapo asanabwerere ku Gaza, ndipo chibwibwi chake pa mawu oyamba ndimachidziwa. Anati bomba linagwa pa bwalo la sukulu Maysun ali pa mzere wotunga madzi. Anati wamuika m'manda ndi manja ake. Anati Lina ali moyo, ali naye. Pokayikira sindinapapeze. Make Ratibu ankandiyang'ana ali m'manja mwa amayi, kudikira kuti mwina ndinena zija ndinkanena m'mawa uliwonse. Ndinangochotsa chipewa.

Hamdani ananyamula mipando iwiri ya pa ukwati n'kuwoloka nayo msewu, alendo n'kutsatira aliyense ndi wake, mkwati yemwe. Khofi amene anakonzera ukwati anamutaya chifukwa anali wothira shuga, n'kuteleka wina wowawa, wa pa maliro. Anakalowanso kuseri kwa matumba a mpunga kuja n'kutulukako ndi makatoni. Ndinatambasula khosi kuti ndione. Anali a madzi akumwa. Mwina zakumwa zija anali atazisamutsa kale. Mpaka lero ndikufufuza chimene Hamdani anapindula tsiku limenelo, ndipo ndidzachipeza.

Masiku a maliro atatha ndinaganiza kuti pakhomo panga papuma. Ndinali ndisanamalize kumvera wailesi yachiwiri pamene ndinamva kugogoda. Anali atavala zakuda, foni ili m'dzanja, mawu ake ngati a munthu wa chimfine chenicheni.

"Aphunzitsi, akuti bambo a Lina asamukira ku mahema a ku nyanja. Akuti usiku kwaphulikanso."

"Akuti ndani?"

"Musanditopetse. Mbali iti?"

Ndinamukokera mpando, ndipo ulendo uno anakhala. Ndinatembenukira ku mapu.