Mbande Makumi Anayi za ku Khwethemule

Ndikukumbukira onse amene analipo tsiku limenelo, ndipo ndiwatchula monga mwa ubale wawo, chifukwa pa nkhani iyi ubale ndiwo unkapatsa munthu mawu kapena kummana. Analipo amalume anga a Jonasi, mlongo wawo wa amayi, amenenso anali mwinimbumba wathu. Analipo amayi ondibereka, a Elube. Analiponso amayi anga aang'ono a Dorofi, opondana ndi amayi, pamodzi ndi mwana wawo Esinati. Ana a masiku ano angamutche Esinati msuweni wanga, koma kumeneko n'kulakwitsa. Mwana wa mng'ono wa amayi ako ndi m'bale wako weniweni, ndipo Esinati anali mng'ono wanga, wondichepera miyezi isanu yokha. Bambo anga a Petulo analiponso, koma anakhala chapatali pa chitsa, popeza anali mkamwini, ndipo nkhani za ana a mbumba sizinali zawo. Ine, Edina, ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu. Linali Lamulungu masana titaweruka kutchalitchi, pa khonde la amalume kwathu ku Khwethemule, pamene minda ya anthu imathera n'kuyamba tiyi wa esiteti.

Nkhani inali ya sukulu. Ine ndi Esinati tinali titakhoza mayeso a Sitandade 8. Tonse awiri tinapatsidwa malo pa sekondale ya mishoni ya pafupi, ulendo wa maola awiri wapansi, kumene amayi aang'ono ankagwira ntchito yophikira ana. Kumeneko kunali kwathu kwachiwiri. Atsikana ankalankhula Chilomwe pochapa popanda wowadzudzula, kwaya yawo inkadziwika, ndipo aphunzitsi ankadziwa makolo a mwana aliyense. Koma masamu ndi sayansi ankaphunzitsa munthu mmodzi, amenenso ankathandiza za tchalitchi. Ine ndekha ndinali nditalandiranso kalata ina yondiitana ku sekondale ya boma ya atsikana, kutali m'chigawo chapakati, kumene ankatengera ana okhoza kwambiri a m'maboma onse. Yankho linkayenera kufika kwa aphunzitsi aakulu a kupulaimale sabata imeneyo isanathe.

Amalume anali olemala mwendo wamanzere. Mtengo wa bulugama unawagwera akudula nkhuni za fakitale ali mnyamata, ndipo ankayendera ndodo imene kunsi kwake anaikako kachidutswa ka paipi kuti isamathe. Anagogoda ndodoyo pansi kawiri, nandifunsa kuti mtima wanga uli kuti.

Ndisanayankhe, amayi aang'ono anayamba kale. "Achimwene, mwanayu musamuvutitse. Kusukulu ya bomako akakamva Chichewa chake cha ku Thyolo akaseka mpaka kugwa pa benchi. Kumishoni kuno chipande chili m'manja mwanga. Kodi mwana wa akulu anga angagone ndi njala ine ndili kukhitchini?"

Onse anaseka. Ine ndinagwada n'kunena kuti ndipita kumene akupita Esinati, chifukwa sindinkafuna kusiya abale anga. Amayi anati mwana wawo ndi wanzeru. Amalume anagwedeza mutu mokhutira. Esinati ananditsina pa mkono ndi chimwemwe. Bambo ankangondiyang'ana ali pa chitsa paja.

Ndiyenera kulemba zoona, pakuti ndakalamba ndipo palibe amene ndingamunyengenso. Mawu aja anali abodza. Abale ndinkawakonda ndithu, koma chimene chinalankhula pa khonde paja chinali mantha. Kuyambira Sitandade 3 ndinkakhala nambala wani, ndipo ndinkaopa kupita kumalo kumene aliyense anali nambala wani wa kwawo.

M'mawa mwake amayi anandituma kukapereka chinangwa chophika kwa bambo ku nazale ya esiteti. Makolo a bambo anachokera ku Mozambiki opanda munda, ndipo bambowo anakulira pa ntchito yolera mbande za tiyi. Ndinawapeza akusasula udzu pa denga lalifupi limene linkaphimba mbandezo, akuchotsa dzanja limodzi pano, dzanja limodzi apo, kuti dzuwa lizilowa pang'ono. Pankanunkhira dothi lonyowa ndi udzu wowola. Anandiuza kuti ndigwire mbali ina. Nditafunsa chifukwa chake ankachotsera mbande mthunzi, anati ikazolowera mthunzi, tsiku loipititsa kumunda imapsa.

Tinagwira ntchito kanthawi. Kenaka anati, "Dzulo unalankhula bwino, mayi. Koma ine ndinkayang'ana manja ako. Chitenje chija unachipota ngati ukufinya madzi. Tandiuza, ukukonda abale ako kapena ukuopa ana a eni?"

Ndinalira. Iwo anapitiriza kusasula udzu mpaka nditatonthola.

"Pa khonde paja ine ndilibe pakamwa," anatero. "Ndinangobwera kudzakwatira. Koma iwe uli napo. Mudzi ndi wako."

Lachitatu ndinapita kwa amalume, ndinagwada pakhomo, n'kupempha kuti ndibweze mawu anga. Sanakalipe. Anaitanitsa alongo awo awiri aja, ndipo onse atakhala pansi ananena chimene chinali mumtima mwawo. Kwathu munda umayenda ndi mwana wamkazi, ndipo mwamuna ndiye amabwera kudzamanga kwa mkazi. Amayi anali ndi ana aamuna atatu, wamkazi ndinali ine ndekha. Amalume anati anawaona atsikana opita kusukulu zakutali. Amakapeza amuna a kumeneko, n'kutengedwa chitengwa, ndipo kwawo amangobwera pa maliro atavala nsapato zosongoka. "Ukapita iwe," anatero, "munda wa mlongo wanga udzalimidwa ndi ndani? Ana ako adzakhala a kuti? Ine ndikusunga mbumba, sindikusunga satifiketi."

Ndinayankha kuti ndidzabwera.

"Pakamwa aliyense amabwera," anatero amalume. Anazunguza ndodo yawo m'dothi. Pomaliza anati, "Munthu wobzala mtengo ndiye amene wanena kuti akubwera. Ubzale tiyi kumtunda kwa munda wa amayi ako, ndi manja ako. Tiyi amayamba kuthyoledwa bwino patapita zaka zinayi, ndipo sukulu yakoyonso ndi zaka zinayi. Alamu asakhudzeko, amayi ako asakhudzeko. Uzidzapalira wekha pa tchuthi. Akafa, ndidzadziwa kuti mtima wako wasamuka, ndipo munda ndidzaupereka kwa Esinati."

Amayi aang'ono anati zimenezo n'zosatheka, udzu wa dzinja sudikira tchuthi. Amalume anati iwonso akudziwa.

Bambo anapempha kwa akapitawo mbande zokwinimbira zimene zinali zoti zitayidwe, ndipo anawalola. Zinalipo makumi anayi. Ndinazisenza pa dengu maulendo atatu, ndinakumba maenje ndekha mvula ikundimenya pamsana, ndipo ndinabzala mizere iwiri. Bambo anaima kunja kwa malire a munda, manja kumbuyo, akungondiuza ndi mawu kuya kwa dzenje. Esinati sanandilankhule mpaka tsiku limene ndinakwera basi ya ku Limbe ndi bokosi langa lachitsulo.

Zimene ananena amayi aang'ono zinachitika zonse. Tsiku loyamba m'kalasi nditangotsegula pakamwa, atsikana anaseka, ndipo wina ananditchula dzina lija lachipongwe limene anthu ankatchulira Alomwe, limene sindidzalilemba pano. Analipo ana a aphunzitsi ndi a makalaliki, amene analankhula Chingerezi kuyambira ali aang'ono. Dziko la kumeneko linali lathyathyathya, lafumbi, lopanda zobiriwira zimene maso anga anazolowera. Mayeso ankabwera sabata iliyonse, ndipo mayina ankaikidwa pa khoma kuyambira woyamba mpaka womaliza. Ndinaphunzira kuyamba kuwerenga khomalo kuchokera pansi. Pakutha pa teremu ndinali nambala 29 mwa atsikana 32.

Ndinabwera ku tchuthi cha Pasaka nditatsimikiza mtima kuti sindibwererako. Ndinapeza Esinati atanenepa, akuimba nyimbo zatsopano, ali ndi anzake odzamuchezera. Amayi aang'ono anandinong'oneza kuti bedi langa kumishoni lidakalipo, ndingonena. Ndinaganiza kuti tiyi uja wafa kale mu udzu wa miyezi itatu, choncho nkhani yatha yokha, ndipo sipadzafunika kuti ndivomere kulephera.

M'mawa ndinatenga khasu n'kukwera kumtunda kwa munda, kuti anthu aone kuti ndinayesa. Ndinapeza mizere iwiri ija ili yoyera, yopaliridwa bwino. Mbande iliyonse inali ndi kamthunzi kake ka udzu, komangidwa mosadziwa kwenikweni, osati monga ankamangira bambo. Zisanu ndi zinayi zinali zitafa, zotsalazo zinali zitaphuka masamba atsopano. Ndinaganiza kuti mwina ndi amayi. Kenaka ndinayang'ana pansi. M'dothi lofewa, pambali pa mbande iliyonse, panali kabowo kozungulira, kakuya ngati chala, ndipo pafupi pake panali mkwasa wa phazi lokokedwa. Timabowoto tinatsata mzere wonse kupita, n'kutsatanso wina kubwerera.

Ndinakhala pansi pamenepo nthawi yaitali. Munda umenewo ndi wotsetsereka, ndipo munthu wa miyendo iwiri yabwino amafika kumtundako akupuma movutika.

Masana ndinapita kukapereka moni kwa amalume. Anandifunsa kuti tiyi wanga ali bwanji, ndipo ndinati ali bwino. Anandifunsa za sukulu, ndipo ndinawauza nambala yanga osabisa.

"Mwa angati?"

"Mwa makumi atatu ndi awiri, amalume."

"Ndiye kuti alipo atatu amene wawagonjetsa, ana a eni ake, pakwawo pomwe. Upite ukawonjezere."

Za timabowo tija sindinanene, ndipo iwonso sananene.

Ndinabwerera. Sindinganene kuti zinthu zinapepuka msanga. Ndinasiya kubisa kalankhulidwe kanga n'kuyamba kufunsa mafunso m'kalasi ngakhale aseke, ndipo kuseka kukapanda kukugwetsa kumatha kokha. Ndinapeza mnzanga wa ku Karonga amenenso ankasekedwa, ndipo iye ankandithandiza Chingerezi, ine ndikumuthandiza masamu. Dzina langa linayamba kukwera pa khoma paja, pang'onopang'ono, ngati nyerere. Tchuthi chilichonse ndinkapalira, kuphimbira ndi kudulira tiyi wanga, nthawi zina m'chiperoni chozizira zala. Ndipo nthawi iliyonse ndinkapeza timabowo tatsopano. Esinati tinayanjananso m'chaka chachiwiri. Ankabwera kudzakhala pa malire a munda, akundiimbira nyimbo ndi kundinena kuti ndakwatiwa ndi tiyi.

Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zinandipeza kwathu. Ndinakhoza bwino kwambiri, masamu ndi sayansi zili patsogolo. Tsiku lomwelo ndinatenga dengu, ndinakwera kumunda, n'kuthyola tiyi wanga, masamba awiri ndi nsonga, monga amathyolera pa esiteti. Mitengo makumi atatu ndi umodzi inali itafika m'chiuno. Ndinasenza dengulo kudutsa pakati pa mudzi, kalata ili m'dzanja, ndipo ndinatula zonse ziwiri pamapazi pa amalume. Amayi, amayi aang'ono ndi Esinati anali atanditsatira. Bambo anaima pafupi ndi chitsa chawo chija.

Amalume anatenga tsamba limodzi, analipekesa ndi zala n'kulinunkhiza. "Tiyi ameneyu wakula yekhayekha, mwini wake ali kutali?"

"Ayi amalume," ndinatero. "Inalipo ndodo ina imene inkamuyendera."

"Ndodo za masiku ano n'zosamvera," anatero. "Ndinaletsa alamu, ndinaletsa mlongo wanga. Ndodo ndinaiwala kuiletsa."

Amayi aang'ono anayamba nthungululu. Amalume anadzuka, anakweza ndodo yawo m'mwamba, n'kuvina gule wathu wa tchopa pabwalo ndi mwendo wawo umodzi ndi theka, popanda ng'oma, akazi akuwomba m'manja. Atatopa anaitana bambo. "Alamu, bwerani mukhale pa khonde pano. Chitsa chimenecho mwachikhalira mokwanira." Aka kanali koyamba kuona bambo anga atakhala pa mpando pamsonkhano wa mbumba.

Ku yunivesite sindinafike, pakuti malo anali ochepa masiku amenewo. Ndinalembedwa ntchito pa chipatala cha esiteti, ndipo ndinagwira pamenepo mpaka kupuma. Amuna anga anali a ku Kasungu, ndipo asanalankhule za ukwati ndinawatengera kumtunda kwa munda n'kuwauza kuti nyumba idzamangidwa pamene ndingamaone mitengo imeneyi. Anamanga. Ana anga aakazi awiri ndiwo anakafika ku yunivesite. Esinati anamaliza bwino kumishoni, anaphunzitsa kusoka ndi kutsogolera amayi a mpingo zaka zambiri, ndipo sindinamvepo akudandaula. Sukulu yake inamuyenera, chifukwa iye anaisankha akuikonda. Ine ndikanaisankha pothawa, ndipo ndikanamanga moyo wanga wonse pa bodza limene ndinanena nditagwada.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti ndinkaganiza kuti ndikusankha pakati pa maphunziro ndi abale. Sizinali choncho. Abale amene ndinkaopa kuwataya anali akukwera phiri ndi mwendo wolemala kukapalira lonjezo langa.

Ndalemba izi chifukwa mdzukulu wanga Chisomo, mwana wa mwana wanga wamkazi woyamba, walandira malo awiri monga ndinalandirira ine. Sindimusankhira. Ndingomufunsa funso limene anandifunsa bambo ku nazale, ndipo ndidzayang'ana manja ake poyankha.

Onse amene ndawatchula poyamba paja anatsogola, ndatsala ndekha. Choncho ndikupempha kuti pepala ili lisungidwe ndi mwana wamkazi wamkulu wa mbumba yathu, ndipo liziwerengedwa kwa mtsikana aliyense womaliza Sitandade 8 asanapereke yankho lake. Ndodo ya amalume ili kuseri kwa chitseko changa, isungidwe pamodzi ndi pepalali. Ndipo mizere iwiri ija ya kumtunda, ngakhale munda utadzagawidwa, asadzaizule.