Makina ometera a bambo a Tadala

Mwaswera bwanji nonse.

Tangochokera kuchipatala ndi Tadala, Yamikani ndi bambo awo. Onse atatu ali ndi zipere m'mutu. Paja bambo a Tadala anagula makina ometera akale kumsika kuti tisamawononge ndalama kometetsa? Adokotala akuti zafala ndi makina omwewo.

Atilembera mapiritsi, akuti odzola okha sangathandize. Kufamase atamva mtengo, bambo anavula chipewa n'kukhala pansi, kuiwala zipere zomwe amabisa. Mayi wogulitsayo anangoyang'ana m'mutumo, n'kutulutsa mankhwala omwewo a kampani ina, otchipa ndithu. Akuti, "Muzifunsa, bambo, otchipa amakhalapo."

Pano bambo akupukuta makina aja, akuti Loweruka adzameta inu alamu a ku Kawale mwaulere. Ndiwabise makinawo, kapena mubwera?