Sikelo ya Che Swaleh

Che Swaleh anachoka ku Mangochi ali mnyamata, nasoka zovala pakhonde la sitolo ku Chilinde mpaka maso anayamba kuchita chidima. Atasiya makina, anagula sikelo yoponda ndi mapazi, n'kumayeza anthu pakhomo la msika.

M'zaka za m'ma 2000 oyeza anthu anali mbwee, choncho iwo anathirako mchere: ukatsika pasikelo, ankakuuzanso kulemera kwako pa mapulaneti ena. Lamulo lawo linali limodzi. Dzuwa lili ngati mbaula, ankatero, ukatalikira mphamvu imatha, ndiye pulaneti lakutali silikoka kanthu, munthu umangopepuka. Amayi onenepa ankakonda kutumizidwa kutali.

Tsoka lake, lamuloli analitengera kunyumba. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Hafsah, atasankhidwa kukaphunzira ku yunivesite ku Mzuzu, iwo anakana. Mayi ake anali atamwalira, ndipo bamboyo ankaopa kuti mwana akapita kutali, kwawo sikudzamukokanso.

Hafsah sanalire. Anawatsatira kumsika, naponda sikelo.

"Ababa, pa pulaneti la Mekyule, pafupi ndi dzuwa, ndingalemere bwanji?"

"Kwambiri zedi."

"Ayi, ndingapepuke, pafupifupi chimodzimodzi ndi pa pulaneti la Mazi, kutali uko. Koma pa Jupita, kutali koposa, ndingalemere kuposa kawiri. Chokoka munthu ndi pulanetilo, kulemera ndi kukula kwake, osati mtunda wake kuchokera kudzuwa."

"Ndiye makasitomala anga ndakhala ndikuwanamiza?"

"Iwo ankangoseka, Ababa. Wokhulupirira munali inu."

Che Swaleh anatupa masiku angapo. Kenako anavomera, namuperekeza Hafsah kudepoti, sikelo ili m'khwapa, namuyeza asanakwere basi. Makondakitala anafa nazo kuseka, koma iwo sanatulutse dzino.

Pa tchuthi choyamba Hafsah sanabwere. Zinawapweteka Che Swaleh, ngakhale sanauze munthu. Za mapulaneti anangozisiya. Wofunsa ankayankhidwa kuti sikeloyo ndi ya padziko pano.

Tchuthi chachiwiri chitafika, masana ena akuwodzera, mapazi awiri anaponda sikelo. Anazizindikira zala zake asanadzutse mutu. Anayang'ana muvi wa sikelo nthawi yaitali kuposa mmene ntchitoyo imafunira.

"Wanenepa," anatero. "Kodi Mzuzu ndi Jupita? Tsikapo, anthu akudikira."

Kumbuyo kwa Hafsah kunalibe munthu.