Nyenyezi Zimene Ndinaonjezera ku Rosebank

Ndikukumbukira kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mzungu ku Rosebank, kutali ndi kwathu ku Malawi, konunkha parafini ndi sopo wochapira. Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba kumeneko. Lamulo la masiku amenewo silinkalola mwana wa wantchito kukhala pamalopo, choncho ine ndinkakhala mobisala. Galimoto ikalira pageti, ndinali pansi pa bedi.

Bwanayo anali mphunzitsi wa za nyenyezi. Pa tebulo lake pankadzaza zithunzi zachilendo, thambo loyera, nyenyezi zakuda ngati nthata. Amayi akamapukuta fumbi, iye ankawafotokozera kuti timagulu ta nyenyezi timeneto tili kutali kwambiri, ndipo nyenyezi za m'mphepete zikanamwazikana kalekale, koma pali chinthu chosaoneka chimene chimazigwira. Iye ankaziwerenga imodziimodzi. Amayi akabwera kuchipinda ankamuyeseza mawu ake, ine n'kumagubuduka ndi phwete.

Tsiku lina masana bwana atachoka, ndinazemba n'kulowa m'nyumba mwake, buledi wa jamu ali m'manja. Ndinaona kuti pakati pa kagulu nyenyezi zathithikana, koma m'mphepete zangoti apa imodzi, apo imodzi. Zinandimvetsa chisoni. Ndinatola cholembera chake n'kuzipatsa anzawo, timadontho tabwinobwino kuzungulira konse.

Madzulo ake tinamva bwana akufuula ndi chimwemwe, akuimbira anzake telefoni kuti waona nyenyezi zatsopano. Kenako kunangoti zii. Posakhalitsa anagogoda pakhomo pathu, ine ndili kale pansi pa bedi. Akanatiulula, Amayi ntchito ikanatha, ine ulendo wa ku Malawi.

"Esitere," anatero, "chinthu chosaoneka chija ndachipeza. Chili ndi zala zing'onozing'ono, ndipo chimakonda jamu."

Amayi anagwada. "Pepani bwana, ndi mwana wanga. Ndilibe womusiyira."

Bwana anawerama, maso athu n'kuphana. Ndevu zake zinkanjenjemera, kaya ndi mkwiyo kaya ndi kuseka. Anangoti ndisadzakhudzenso zithunzi zake, n'kutembenuka. Sanauze munthu. Koma khutu langa limene Amayi analikoka atangotseka chitseko linatentha mpaka Lamulungu.

Lero zidzukulu zanga zimaona nyenyezi pa foni, ndipo zimayenda mu Rosebank popanda wozifunsa chiphaso. Ndikaziuza kuti agogo awo anakulira pansi pa bedi m'dera lomwelo, zimaseka, zimati ndikunama. Ine ndimangozisiya ziseke.