Dzina la Paubwana la Apongozi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi malume, omwe ankakonza njinga pamsika. Tsiku lina akumata chubu cha a Saidi, kalaliki wamkulu wa bwalo la milandu kumunsi kwa phiri la Michesi, anawadandaulira kuti mwana wa mlongo wawo anamaliza Sitandade 5 koma akungokalamba pakhomo. A Saidi anati ndibwere Lolemba, m'manja mosamba bwino. Apa n'kuti nkhondo yaikulu itangotha kumene.

Ntchito yake inali yotere. Anthu akamalankhula pabwalo, a Saidi ankalemba mothamanga ndi pensulo, chilichonse monga chatulukira m'kamwa, Chilomwe ndi zotukwana zomwe. Ine ndinkakopera m'buku lalikulu ndi peni ya nibu yoviika mu inki, kwinaku ndikusintha mawu kuti akamveke kwa bwana DC. Mboni ikati "ematta", ine ndinkalemba "munda". Ikati "ananditibula", ndinkalemba "anandimenya". "Galu wabodzayu" ankasanduka "munthuyu sananene zoona". Ndikapsinja bulotingi pepala loumitsira inki, ndinkaimirira n'kuwerengera anthu onse mokweza. Lamulo la a Saidi linali limodzi: "Mawu sintha, dzina usakhudze. Ukasintha dzina wasintha munthu."

Ndinkaikonda ntchitoyi, ndipo ndinkadzimva, osanama. Ndi peni imeneyo m'thumba la malaya ndinafunsira mbeta Esinati, mwana wa bambo Nampinga. Ankhoswe anali atakumana kale, nyumba ndinali nditazika mitengo kwawo.

Ndiye kunabwera mlandu wa munda wa mpunga kudambo la Chilwa. Munthu wina ankati mundawo ndi wake, a Nampinga ankati ndi wa malemu mayi awo. Wodziwa malire anali mmodzi yekha, nkhalamba yodwala imene inalera a Nampingawo. A Saidi anapalasa njinga kukalemba umboni wake pamphasa pomwe inagona. Nditatenga pepalalo kuti ndikopere, ndinaliwerenga n'kuika peni pansi. Nkhalamba ija, poti inawalera, inawatchula apongozi anga ndi dzina lawo la paubwana, ndipo osati kamodzi ayi.

Kwathu kuno mwamuna akachoka kuchinamwali, dzina lakale limafera konko. Kulitchula n'kumuvula munthu pagulu. Nanji mkamwini, amene amapatuka m'njira akaona apongozi!

Ndinawachonderera a Saidi kuti ndilembe "Nampinga", poti munthu ndi yemweyo. Anakana. Anati mnzawo wa mlanduyo ali ndi mwana wodziwa kuwerenga, ndipo akaona kuti buku lasiyana ndi pepala adzakuwa kuti taphika umboni, munda n'kupita. Ndinapempha kuti awerenge okha. Anandiyang'ana n'kuti wokopera ndiye amawerenga, ngati sindikufuna peni ndiisiye patebulo, anyamata a Sitandade 5 ndi ambiri. Ndinakwiya nawo kwambiri bambo amenewa, koma sanalakwe.

Ndinayesa kufewetsa mawu onse ozungulira dzinalo. Pomwe nkhalamba inati "kamwana kamamina", ndinalemba "mwana wamng'ono". Pomwe inati ankaba mpunga wosakhwima, ndinalemba kuti ankalawa. Koma dzina linakhala pomwepo, ngati chitsa pakati pa munda wolima bwino.

Tsiku la mlandu a Nampinga anakhala kutsogolo, atavala jekete. Ndinawerenga, ndipo nditafika padzinapo ndinalitchula. Anyamata ena kumbuyo anaseka. Ndinalitchulanso, n'kulitchulanso. A Nampinga sanadzutse mutu mpaka ndinamaliza. Umboni unayima, munda anawapatsa.

Madzulo ake ankhoswe anga anapita ndi nkhuku kukapepesa. Anabwerera nayo. A Nampinga anangowauza kuti: "Munda wandipatsa, zikomo. Koma mwana amene wanditchula choncho pamaso pa anthu, ndidzadya naye bwanji pakhomo limodzi?" Mitengo ya nyumba ija anazula okha. Esinati anakwatiwa ku Nazombe mvula isanagwe, ndipo ndinalira ngati mwana, sindibisa.

Ndinakhala m'mabwalo a milandu mpaka imvi, ndikusintha mawu a anthu tsiku ndi tsiku. Anyamata amene ndinawaphunzitsa ndinkawauza lamulo la a Saidi lomwe lija, n'kuwonjezera langa: usanaviike peni, werenga mayina onse ali papepalapo, ndipo ngati pali la munthu wakwanu pita ukamuuze kunyumba, asakalimvere pabwalo. Ine panalibe wondiuza zimenezi. A Nampinga anamwalira kalekale, koma dzina lijalo ngakhale pano sindilemba.